Kanjere ka M'khosi mwa a Yoramu

Tsiku limene a Yoramu Ngozo anathyoka mkono, dzuwa linatuluka lofiira ngati khasu lomwe lili pamoto kwa osula, ndipo isanakwane eyiti koloko chigwa chonse cha Bwanje chinali chitayamba kale kuwotcha. Kunalibe kamphepo ngakhale pang'ono. Fumbi la ngolo yomwe inadutsa m'mamawa linali likadalendewera pamwamba pa msewu.

A Yoramu anali pachitseko cha ngalande yachitatu monga mwa masiku onse. Kwa zaka khumi ndi zinayi ntchito yawo musikimu ya mpunga inali imeneyi: kumasula loko, kuzunguza gudumu lachitsulo kuti chitseko chikwere, madzi alowe m'minda ya amene tsiku lawo lakwana, kenako kutseka. Kiyi wa lokoyo ankamuvala m'khosi pachingwe cha nayiloni. Alimi anawasankha iwo chifukwa munthu wosalankhula ngovuta kumunyengerera. Ukapita kukawadandaulira kuti nazale yako ikuuma, ankakuyang'ana n'kunena kuti, "Lachinayi," basi nkhani yatha.

M'mawa umenewo gudumu silinali lolimba n'komwe, anali atalithira oyilo dzana lake. Analigwira ndi manja awiri, n'kukoka kamodzi, ndipo chapamwamba pa dzanja lamanja panamveka kuti thyo, ngati phesi louma.

Dyton, mlimi wa munda woyandikana ndi chitsekocho, anaweramuka m'matope momwe ankawokera.

"Madala, chathyokacho n'chiyani, gudumu kapena inuyo?"

"Ine," anatero a Yoramu, akuyang'ana mkono wawo womwe unali utapindika pamalo posayenera.

"Aaa! Ndi kagudumu akaka? Akazi anga akhoza kukazunguza ndi dzanja limodzi, linalo akuyamwitsa mwana!"

Koma atayandikira n'kuona, nthabwala zinamuthera. Anawakweza panjinga mpaka kumsewu waukulu, ndipo masana anali ali kuchipatala cha kuboma.

Amene anawaona anali dokotala wamkazi, wochepa thupi, dzina lake Christobel. Anatenga chithunzi cha ekisire n'kuchigwirira pawindo, nachiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene fupa limodzi lothyoka limafunira.

"Bambo, munagwa?"

"Ayi."

"China chake chinakumenyani?"

"Ayi."

"Fupa la munthu wogwira khasu silithyoka lokha chonchi. Taonani apa. Laonda, ngati chiswe chalidya m'kati."

Anawaika chikhakha, n'kuwatenga magazi oti atumize kuchipatala chachikulu cha mumzinda, nawauza kuti abwerenso pakatha masabata atatu.

Nkhani inafika ku Biriwiri, komwe mwana wawo Tisunge anakwatiwa n'kumalima kabichi ndi tomato. Anatsika kuphiriko tsiku lotsatira ndi chikwama chimodzi. Chimwalirireni mayi ake, Lufina, zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, bambo akewo ankakhala okha, kudziphikira okha, kuchapa okha, ndipo aliyense amene anayesa kuwapezera mkazi wina anabwerako ndi mawu amodzi. Lufina anamwalira atangochitidwa opaleshoni yochotsa chithokomiro, ndipo m'mudzi monse, ndi Tisunge yemwe, ankadziwa kuti unali mpeni wa m'khosi uja umene unamupha.

"Adokotala akuti bwanji, Ababa?"

"Mafupa aonda."

"Basi?"

"Basi."

Tisunge anafika Fomu 2, ndipo ankakumbukira kuti mafupa amalimba ndi kashiamu. Sanachedwe. Anapita kumsika, kusitolo ya Che Salimu yomwe mbali ina amagulitsa sopo ndi shuga, mbali ina mankhwala, n'kubwerako ndi botolo la mapiritsi oyera, aakulu ngati nyemba.

"Che Salimu akuti awa ndiye eni ake a mafupa. Limodzi m'mawa, lina madzulo. Akuti mukamaliza botololi mudzanyamula ngolo ndi ng'ombe zake zomwe."

A Yoramu analiyang'ana botololo osalikhudza. Mapiritsi otere anali atawaonapo kale, pawindo la chipinda, masiku otsiriza a Lufina. Koma kukana kumafuna mawu ambiri, choncho anatsegula pakamwa n'kumeza.

Tisunge sanalekere pomwepo. Ankasinja usipa ndi minga yake yomwe n'kuthira m'phala, ankakatenga mkaka kwa woweta ng'ombe wa kutsidya, ndiwo zamasamba sizinkasowa. Ankawadyetsa ngati mwana wa kusikelo, akung'ung'udza kuti munthu wamkulu angadzionongere bwanji thupi ndi tiyi wopanda kanthu chaka ndi chaka.

Komabe a Yoramu m'malo molimba anayamba kufooka. Ludzu lomwe anali nalo kuyambira chaka chatha linakula, moti chigubu cha madzi chinkatha dzuwa lisanafike pamutu, ndipo njira ya kuchimbudzi inasalala ndi mapazi awo. Kukodza kokhakokha, chimbudzi chachikulu osabwera masiku anayi. M'chiuno chakumanzere munkabaya ngati muli kamwala. Miyendo inkawawa m'kati mwenimweni, pomwe dzanja silingafike. Ena ankati ndi shuga. Mayi wina wa kutchalitchi ananong'oneza Tisunge kuti mwina malemu akuwaitana, Tisunge n'kumuthamangitsa ndi maso.

Choopsa kwa iwo eni chinali china. Popeza mkono unali m'chikhakha, ankapitabe kuchitseko kukamasula loko, Dyton n'kumazunguza gudumu. Lachiwiri la sabata yachitatu anamuuza Dyton kuti atsegulire minda ya kumunsi, pomwe linali tsiku la minda ya pakati. Amayi atatu anabwera ndi makasu paphewa, mawu ali patsogolo.

"A Ngozo, akupatsani chiyani akumunsiwa? Nkhuku?"

A Yoramu anaima, n'kuwerenga masiku pazala za dzanja lamanzere, nabwerezanso. M'mutu munali ngati mwalowa utsi. Pa zaka zonse khumi ndi zinayi anali asanasokonezepo tsiku.

"Ndalakwa," anatero, ndipo amayiwo anabwerera ndi makasu awo, mkangano utatha msanga kuposa mmene ankayembekezera.

Tsiku lobwerera kuchipatala Tisunge anapita nawo. Christobel anali ndi pepala la zotsatira pathebulo, ndipo sanazungulire.

"Bambo, kashiamu m'magazi mwanu wachuluka kwambiri, mopitirira muyeso. M'mafupa ndiye mmene akusowa."

"Akusowa bwanji, adokotala?" Tisunge analowerera. "Si ndikuwapatsa tsiku ndi tsiku?"

"Mukuwapatsa chiyani, achemwali?"

Tisunge anatulutsa botolo m'chikwama monyadira. Christobel anawerenga, n'kuika dzanja pachipumi.

"Kuyambira liti?"

"Chithyokereni."

"Lekani lero lomwe. Ngakhale limodzi asamezenso mpaka ine nditanena."

Nkhope ya Tisunge inagwa. Christobel anatsegula kabati n'kutulutsa kapepala komata momwe munali njere zinayi za mpunga, zomwe amasonyezera odwala, n'kuziyala pachikhatho.

"Inu ndinu a mpunga, izi mukuzidziwa. M'khosi umu, kuseri kwa chithokomiro, muli tinthu tinayi, kalikonse kukula kwake ngati njere imodzi iyi. Ntchito yake n'kuyang'anira kashiamu wa m'magazi, chifukwa mtima, minofu ndi mitsempha sizigwira ntchito popanda iyeyo. Akachepa, tinjere timeneti timatulutsa timadzi totchedwa homoni. Timadzito timauza mafupa kuti apereke pang'ono, timauza impso kuti zisataye, timathandizanso matumbo kuti atenge wambiri m'chakudya. Akakwana, timaleka. Tsono kwa inu, bambo, zikuoneka kuti kamodzi kakula, ndipo sikakumvanso zoti zakwana. Kakungolamula mafupa kuti perekani, perekani. Mafupa akutha, magazi asefukira. Ludzu lija, kuiwala kuja, kubaya kwa m'chiuno, gwero lake ndi limeneli. Mapiritsiwa sakufika kufupa, akungowonjezera m'magazi momwe mwadzaza kale."

"Ndiye mankhwala ake?" anafunsa Tisunge ndi mawu ang'ono.

"Kukachotsa kanjere kamodziko. Kuchipatala chachikulu akaunika m'khosi kuti akapeze, n'kupanga opaleshoni. Totsala titatu tija timagwira ntchito bwinobwino."

"M'khosi ayi," anatero a Yoramu.

"Bambo, mukapanda kutero chotsatira ndi fupa la ntchafu kapena la msana. Ndiye impso."

"M'khosi ayi."

Christobel sanakangane nawo. Anawagoneka pabedi n'kuwaika diripi ya madzi kuti magazi asungunukeko, nalemba kalata yopita nayo mumzinda Lolemba, kaya aigwiritsa ntchito kaya ayi. Tisunge anatuluka, akuti kukagula nthochi, koma maso ake anali atafiira kale.

Diripi itafika pakati, Christobel anabwera kudzaiona. A Yoramu anamuitana ndi chala.

"Mkazi wanga anamuchotsa chithokomiro."

"Liti?"

"Kale. Anabwerako ndi mapiritsi ngati amenewa." Mawu ankatuluka amodziamodzi ngati akuwakumba. "Atatha, anati ndikamutengere ena. Kawiri. Bala linali litapola. Ine ndinati, bala lapola, mankhwala achiyaninso. Inali nthawi yowokera."

Christobel anakoka mpando n'kukhala.

"Kenako?"

"Patapita masiku, milomo dzanzi. Zala zinapinda chonchi." Anakweza dzanja lamanzere, chala chachikulu chitalowa m'kati, zinazo zitakungika pamodzi. "Ndinayesa kuziwongola, osatheka. Kenako mpweya unayamba kulira pakhosi ngati katambala. Tinamukweza pangolo. Sitinafike."

Dokotalayo anasendeza mpando pafupi ndi bedi.

"Mayiwo ine sindinawaone, ndiye sindinganene motsimikiza. Koma pochotsa chithokomiro, tinjere tija nthawi zina timavulala kapena kuchokera limodzi. Zikatero palibenso wouza mafupa kuti apereke. Kashiamu amatsika m'magazi, minofu imakungika, mpaka ya pakhosi. Mapiritsi amene aja sakhala a bala, bambo. Ena amamwa moyo wawo wonse."

A Yoramu anayang'ana kudenga.

"Nthawi imeneyo sanakufotokozereni?"

"Anafotokozera iye. Ine ndinali panja, ndikulondera njinga."

Christobel anafuna kunena china, koma nkhope ya munthuyo inali itatsekeka ngati chitseko chawo chija. Anangoti, "Botolo lija musalitaye. Mukadzachitidwa opaleshoni mafupa adzakhala ndi njala, adzayamba kukoka kashiamu m'magazi. Pamenepo ndiye mudzawafuna mapiritsiwo."

Atafika pakhomo Tisunge anakhala pakhonde n'kuyamba kulira kwenikweni, kulira kwa munthu amene wadzigwira tsiku lonse.

"Ndikanakuphani, Ababa. Ine ndi nzeru zanga za Fomu 2. Ndimakumwetsani poizoni m'mawa ndi madzulo, ndikukukalipirani kuti mezani."

"Sunadziwe."

"Ndikawataya m'chimbudzi mapiritsiwa. Ndipo munayankha bwino, kumpeni kuja simupita. Mpeni unatenga amayi, sutenganso inu. Tipita ku Biriwiri, kumazizira, muzikamwa madzi ambiri monga anenera. Apongozi anu avomera kale."

A Yoramu anatenga botololo m'manja mwake n'kuliika m'thumba la malaya. Mwana wawo anali kumbali yawo tsopano, akukana chomwe iwo anakana, koma akukanira pa bodza lomwe iwo analisiya kuti limere zaka khumi ndi chimodzi. Iwo sananenepo ndi pakamwa pawo kuti mpeni ndiwo unapha Lufina. Anthu ananena pamaliro, iwo n'kukhala chete, ndipo chete wawoyo anthu anamutenga ngati umboni.

M'mawa mwake anapita kungalande. Anali asanafike pomwe anamva phokoso la Dyton.

"Madala, bwerani muone ntchito ya wophunzira wanu!"

Dzulo lake, iwo ali kuchipatala, Dyton anatseka yekha. Koma chipika cha mtengo chomwe chinabwera ndi madzi chinakhala pansi pa chitseko, ndipo chitsulocho sichinafike pansi. Madzi anayenda usiku wonse. Minda iwiri ya kumunsi inali dziwe, mbande zongowokedwa kumene zitamira, nsonga zokha zikuoneka. Ngalande yaikulu, yomwe inkayenera kusungira a minda ya pakati madzi a tsikulo, inali itatsika mpaka matope kuonekera m'mbali.

"Ndiye titani?" anafunsa Dyton. "Ndithamange kumtunda ndikawapemphe atiwonjezere madzi? A pakati akabwera pano andidya wamoyo."

"Ukawonjezera apita kuti?"

Dyton anayang'ana pansi pa chitseko pomwe madzi ankatulukabe, n'kuyang'ana minda yomirayo, nakanda m'mutu.

"Kwa omwewa omira kalewa."

"Chotsa chipikacho."

"Muli matope mpaka m'chiuno umo, madala. Mulinso misundu."

"Chotsa."

Dyton anavula malaya akutukwana misundu ndi makolo ake, n'kulowa. Anavutika nacho, kukankha ndi phazi, kukoka ndi khasu, mpaka chinazuka. Chinali kachipika kosakwana n'komwe mkono. Atazunguza gudumu chitseko chinakhala pansi kuti di, madzi n'kuleka.

"Kanthu kakang'ono ngati aka kumiza minda iwiri!" anatero Dyton akukaponya kumtunda.

A Yoramu anaima pamenepo kanthawi, dzanja lamanzere lili pakhosi pomwe panadutsa chingwe cha kiyi. Kenako anatembenuka n'kubwerera kunyumba, pang'onopang'ono, chifukwa miyendo inkawawa.

Anapeza Tisunge akutsuka mbale kuseri kwa nyumba, zovala zawo atazipinda kale zopita nazo ku Biriwiri. Anakhala pamtondo wogubuduzika womwe unali pamenepo.

"Tisunge."

"Wawa, Ababa."

"Mayi ako sanafe ndi mpeni."

Manja a Tisunge anaima m'madzi.

Anamuuza zonse monga anauzira dokotala, osawonjezera, osachotsa. Za mapiritsi omwe anatha, za Lufina kuwapempha kawiri kuti akwere njinga akamutengere ena, za mawu awo aja oti bala lapola, za zala, za ngolo. Anamuuzanso zomwe Christobel ananena, ndi zoti dokotalayo sanatsimikize, koma iwo eni anali atatsimikiza kale mumtima kuyambira tsiku lomwe anaona botolo la Che Salimu, mwinanso kale kuposa pamenepo. Zinawatengera nthawi, chifukwa anali asanalankhulepo motalika chotero kwa mwana wawo.

Tisunge sanalire. Anatulutsa mbale m'madzi, n'kuiika pathandala mwamphamvu mpaka zinzake zinalira.

"Zaka khumi ndi chimodzi, Ababa."

"Inde."

"Ine ndakhala ndikutukwana madokotala mumtima zaka khumi ndi chimodzi. Mwana wanga woyamba ndinakana kukachirira kuchipatala chifukwa cha zimenezi. Mukudziwa inu?"

"Ndikudziwa."

"Ndiye mwanena lero chifukwa chiyani?"

"Iwe unalakwa masabata atatu, ukufuna kundichiritsa. Usalire ngati wapha munthu." Anamuyang'ana kumaso. "Komanso Lolemba ndikupita."

Tisunge anapukuta manja pachitenje, n'kulowa m'nyumba. Tsiku lonselo sanawalankhule. Anaphika, anawaikira chakudya ndi chigubu cha madzi, iye n'kukadyera kukhitchini. Lamulungu anapita yekha kutchalitchi, ndipo pobwerera anadzera kumanda, a Yoramu anadziwira maudzu omwe anamata m'munsi mwa chitenje chake. Sanamufunse.

Lolemba m'mawa a Yoramu anamupeza Tisunge ataima pakhomo, atavala nsapato za ulendo, chikwama chili paphewa. Zovala zija anali atazichotsa m'thumba la ku Biriwiri n'kuziika m'chikwamamo pamodzi ndi kalata ya Christobel. Anatambasula dzanja.

"Botolo lija."

A Yoramu analitulutsa m'thumba la malaya n'kumupatsa.

"Ndisunga ine," anatero Tisunge osawayang'ana kumaso. "Akadzanena kuti muyambe, muziyamba. Akadzatha ndidzakatenga ena ndekha. Ndipo inu musadzayerekeze kundiuza kuti bala lapola."

"Chabwino."

Anadzera kungalande. Dyton anali kale m'munda, akudzutsa mbande zomwe zinapulumuka. A Yoramu anavula chingwe m'khosi ndi dzanja lamanzere, kiyi akulendewera, n'kumupatsa.

"Lero a pakati. Mawa a kumtunda. Uziyang'ana pansi usanatseke."

"Nanga akandibweretsera nkhuku, madala?"

"Lachinayi."

Kenako anatsatira mwana wawo kumsewu waukulu, n'kukwera minibasi yoyamba yopita mumzinda.